Kamuvi Kovina Tchopa pa Dashibodi ya Atsibweni

Amene munafikako pa Chonde mwezi wa Okutobala, tsiku la Mulhako wa Alhomwe, mukudziwa kuti zoonerera zimayambira kumsewu, munthu usanalowe n'komwe m'bwalo. Magalimoto amandandalikana kuchokera cha ku Luchenza, ena kuchokera ku boma la Mulanje, dzuwa likuswa mtengo, phula lili nyezinyezi ngati lisungunuka. A ma Prado amadutsa magalasi ali chitsekere. Koma taponyani maso m'mbali mwa msewu. Mupeza mapikapu akale atayasamula maboneti, dalaivala ataima chapatali manja ali m'chiuno, kamnyamata kakuthamangira kumjigo ndi chigubu, azimayi ovala chitenje chofanana atakhala pamthunzi kudikira kuti injini ipume. Chiyambire mwambowu mu 2008, nthawi ya Bingu wa Mutharika, sindikumbuka chaka chomwe ndinadutsa pamenepo osaona boneti ili m'mwamba.

Ife kwathu tinali a m'gulu la maboneti am'mwambawo. Atsibweni anga anali ndi pikapu yoyera ya dizilo, ya ku Japan, yobadwa ine ndisanabadwe. Inkanyamula chinanazi kupita ku Limbe, nandolo nthawi ya nandolo, njerwa, makwaya, maliro, ndipo usiku wina inathamangitsa alamu anga kuchipatala nthawi yawo itakwana. Fizi yanga ya ku sekondale inkachokera kumbuyo kwa pikapu imeneyo. Pa dashibodi pake geji ya mafuta inali itafa kalekale, ya liwiro inkagwira ntchito ikafuna, koma kamuvi ka kutentha kwa injini kanali ndi moyo kuposa zonse. Pa chitunda kankakwera mpaka kuyandikira pofiira, pa mtsetse kankagwa mpaka pa C, usiku kankanjenjemera popanda wokafunsa. Atsibweni ankati kakuvina tchopa. Ankayendetsa diso limodzi lili pamsewu, lina pa kamuviko, ndipo ine wa chigubu ndinkakhala tcheru kumbuyo.

Lero ndikufuna tikambe za kamuvi kameneka, kumene kanachokera ndi mmene zinakhalira kuti m'mapikapu ambiri akale a kuno kazivina chonchi. Ine ndimati kuvinako sikunayambire mu injini mokha. Kunayambiranso kutali, panjanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Mudekhe, tifikako.

Tiyi wa ku Mulanje anayamba kubzalidwa mu 1891 pamene Henry Brown anadzala mbande zake pa Thornwood, ndipo masiku amenewo katundu yense ankayenda pamitu ya anthu, a tengatenga. Njanji ya Shire Highlands Railway inatsegulidwa mu 1908, kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, kukafika ku Blantyre, ndipo Luchenza inakhala siteshoni yomwe zokolola za m'maesiteti a ku Mulanje zinkakwerera sitima. Ndiye njira yodutsa pa Chondeyi ndi yakale ndithu pa ntchito yonyamula katundu. Azigogo athu Achilomwe, omwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique m'zaka zimenezo kuthawa ulamuliro wa Apwitikizi n'kudzagwera mu thangata, anaiponda ndi mapazi. Malole anayamba kuchuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, m'zaka za m'ma 1920, ndipo pang'onopang'ono katundu anatsika pamutu n'kukwera pa matayala.

Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo analibe geji ya kutentha. Ford Model T, yomwe inayamba kupangidwa mu 1908 n'kufalikira dziko lonse, pafupifupi zonse zinalibe ngakhale pampu ya madzi. Madzi ankazungulira okha, otentha kukwera kupita ku rediyeta, ozizira kutsika kubwerera mu injini, ngati mmene amayendera mu mphika uli pamoto. Dalaivala ankadziwa kuti zavuta ataona nthunzi, ndipo nthunzi ikaoneka ndiye kuti mwachedwa kale. Mu 1912 munthu wina ku America, Harrison Boyce, anatulukira kachipangizo kotchedwa MotoMeter, kagalasi koyezera kutentha komangirira pachivindikiro cha rediyeta, kutsogolo kwenikweni kwa boneti, koti dalaivala azikaona ali pampando wake. Dzinali likafika m'makutu a Mmalawi limamveka ngati anapangira ifeyo: mita ya moto. Kagalasiko kankayeza nthunzi ya pamwamba pa madzi, osati madzi enieniwo, komabe kwa nthawi yoyamba injini inayamba kulankhula isanakuwe.

Zinthu ziwiri zomwe zinasintha nkhani yonse zinafala kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Choyamba ndi thermostat ya sera, yomwe anaipanga Sergius Vernet ku America komweko. Ndi kachitseko kokwana m'chikhato, kokhala pakhomo pomwe madzi amatulukira mu injini kupita ku rediyeta. Injini ikakhala yozizira kachitsekoko kamakhala kotseka, madzi n'kumazungulira mkati momwemo kuti injini itenthe msanga. Kutentha kukafika pa nambala yomwe inadindidwa pa chitsulocho, kawirikawiri 82 kapena 88, sera uja amasungunuka, amafufuma, n'kukankha chitseko. Madzi akazizira mopitirira, kamabwereranso pang'ono. Tsiku lonse kamangochita zimenezi, tsegu pang'ono, tseke pang'ono, kuti injini ikhale pa kutentha kumodzimodzi kaya muli pa chitunda kaya pa mtsetse. Mukaona kamuvi kataima pakati ngati kakhomeredwa, dziwani kuti thermostat ili pa ntchito.

Chachiwiri ndi chivindikiro cha sipuling'i. Ku sukulu tinaloweza kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma aphunzitsi ena ankaiwala kutiuza kuti kumeneko ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ukamakwera mtunda, mamita 300 alionse amachotsapo pafupifupi digiri imodzi, moti pa Bvumbwe kapena ku Limbe madzi a m'poto amawira cha pa 96. Chivindikiro cha rediyeta chimapanikiza madziwo kuti asawire msanga. Cholembedwa 0.9 pamwamba pake, chikakhala chabwino, chimawafikitsa kupitirira 115 asanawire. Sipuling'i ikatopa kapena labala wake akang'ambika, mwayi wonsewo wapita, ndipo injini yopanda vuto lililonse imayamba kulavula madzi pa chitunda. N'chifukwa chakenso simutsegula chivindikiro injini ili yamoto: mukangochotsa kupanikiza kuja, madzi onse amawira nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso. Ndikudziwa anthu awiri a zipsera pamkono omwe angakufotokozereni bwino kuposa ine.

Rediyeta itabisala pansi pa boneti, geji inasamukira pa dashibodi. M'mapikapu omwe tikunenawa imagwira ntchito motere. Mu injini, pafupi ndi thermostat, mumamangidwa kasensa ka mkuwa ka waya umodzi. Kakatentha kamalola magetsi ochuluka kudutsa, kamuvi n'kukwera. Magetsiwo amabwerera kudzera m'chitsulo cha injini ndi waya wonenepa wa ethi wopita ku bodi ndi ku batire. Magalimoto ambiri a ku Britain, monga ma Land Rover akale aja, analinso ndi kabokosi kuseri kwa dashibodi kosunga magetsi a mageji pa mavoti 10, ndipo kabokosiko kakadwala geji ya mafuta ndi ya kutentha zinkapenga limodzi. Ndiye onani, kamuvi sikaona madzi ayi. Kamamva kwa sensa, kudzera pa waya, ngati uthenga wa maliro wodutsa m'kamwa mwa anthu atatu. Kakhoza kunena zoona, kakhozanso kuwonjezera zake.

Tsopano tibwere kumsewu wathu. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda basi inali ya UTM, kampani yomwe inayamba mu 1947 ndi dzina la Nyasaland Transport Company. Akuluakulu amaiyamikira mpaka lero kuti inkasunga nthawi, koma mabasi anali ochepa, ndipo m'misewu ya fumbi yolowera kumidzi munthu unkatha kudikira tsiku lathunthu. Mpata umenewo ndi womwe anaudzaza a matola. Lamulo silinkalola kunyamula anthu olipira popanda chilolezo, koma wodwala ndi thumba la chimanga sizidikira lamulo. Peugeot 404, Datsun, Toyota Stout, kenako Hilux yomwe inabadwa ku Japan mu 1968, Isuzu KB, ndi ka Nissan 1400 kaja komwe ankakapanga ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008: amenewa ndiwo anali mabasi enieni a kumudzi. Galimoto yopangidwira theka la tani kapena tani imodzi inkasenza anthu oimirira atagwirana mapewa, matumba, mbuzi, ndi njinga pamwamba.

Ndipo msewu wake si wachifundo. Kuchoka pa Chonde kupita ku Limbe kudzera ku Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe ndi kukwera mamita mazana angapo, mokhotakhota, pa giya yachiwiri, pomwe injini ikubangula koma mphepo yowomba pa rediyeta ili yochepa. Msewu wa Midima, womwe unatsegulidwa mwatsopano mu 2006 n'kupatsidwa dzina la Robert Mugabe anthu akukangana, unafupikitsa ulendo koma sunatsitse Limbe. Pobwerera ndi kutsika kokhakokha, phazi lili pa buleki, injini ikupuma, mphepo yozizira ya m'minda ya tiyi ikuwomba. Ngati pali msewu woyesera kamuvi, ndi umenewu.

Kenako inabwera nkhondo ya ku Mozambique. Katundu wa dziko lino pafupifupi yense ankadzera panjanji ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala yomwe inatsegulidwa mu 1970. Pofika 1984 zonse ziwiri zinali zitaima chifukwa cha nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo. Katundu anayamba kuzungulira pamsewu kuchokera ku Durban, ulendo wa makilomita masauzande, nthawi zina kudzera ku Tete moperekezedwa ndi asilikali, nthawi zina kudzera ku Zambia. Mtengo wonyamulira unakwera, ndalama zakunja zinachepa, ndipo m'mashelefu a ogulitsa sipeya munayamba kuoneka fumbi. Kuno ku Mulanje nkhondoyo sinali ya pawailesi. Milange ili kutsidya kwa Muloza pomwepa, ndipo mu 1986 anthu anawoloka malire mwaunyinji, mitolo ili pamutu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inkasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Ntchito ya mapikapu inachuluka pa nthawi yomweyo yomwe sipeya anasowa.

Ndiye tadziyikani m'malo mwa makaniko wa pansi pa mtengo wa mango m'zaka zimenezo. Yafika pikapu ikuwira. Watsegula, wapeza thermostat yagwira dzimbiri, yakana kutseguka. Yatsopano ili ku Blantyre, ngati iliko n'komwe. Mwini galimoto ali ndi anthu akudikira pamsewu, ena ndi ana kumbuyo. Makaniko wazula kachitsulo kaja, wadula gasiketi pa katoni, wamanga. Galimoto yanyamuka, kamuvi kali pansi, aliyense wawomba m'manja. Ine munthu ameneyo sindimuimba mlandu. Thermostat yofera chotseka imaphadi injini m'makilomita ochepa, ndipo kuichotsa kuti ukafike kunyumba ndi nzeru. Vuto linadza pambuyo pake, pamene njira yongopulumukira inasanduka chiphunzitso. Anyamata ophunzira ntchito anayamba kuuzidwa kuti thermostat ndi ya ku Ulaya kozizira, kuno kotentha ndi yosafunika. Chikhulupiriro chimenechi si chathu tokha, mukachimva ku Lusaka ndi ku Harare komwe, koma ine ndimaona kuti kuno chinazika mizu m'zaka za kusowa zija, ndipo nthawi iliyonse yomwe ndalama zakunja zavutanso, mu 2011, kapena kwacha itagwa mu 2012 ndi mu 2023, chimathiriridwa madzi. Mpaka lero alipo amene akagula galimoto, ulendo woyamba ndi wokazula thermostat yabwinobwino.

Amene amati kuno n'kotentha sanagonepo ku Thyolo mwezi wa Juni chiperoni chitagwa. Komanso ngakhale mu Okutobala, mpweya wa madigiri 35 ndi wozizira kwambiri kwa injini yomwe inapangidwa kuti izigwira ntchito kupitirira 80. Injini ya dizilo yozizira imamwa mafuta ambiri, imafuka utsi, imadetsa oilo msanga, ndipo zitsulo zake zimadyana. Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. M'mainjini ambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri pansi pake, komwe chitseko chachikulu chikatseguka, iko kamatseka kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Mukaizula, kanjira kachidule kaja kamakhala kotsegula mpaka kalekale, ndipo madzi ena amazungulira osafika ku rediyeta. Zotsatira zake ndi zija za atsibweni: pa mtsetse injini izizira mopitirira, pa chitunda itentha mopitirira. Koma choopsa kwambiri kwa ine si mafuta kapena utsi. N'chakuti kamuvi kakazolowera kuvina, dalaivala amasiya kukamvera. Tsiku lomwe kadzanene zoona, iye adzati ndi tchopa wa masiku onse.

Nkhani ya madzi ndiifupikitsa. Coolant weniweni, wobiriwira kapena wofiira uja, sikuti amangoletsa madzi kuuma ngati ayezi kumaiko ozizira. Muli mankhwala oletsa dzimbiri. Ife tinkathira za pamjigo, za mumtsinje, nthawi zina za m'chithaphwi zosefa ndi mpango. Mchere ndi matope zimakhala m'timapaipi ta rediyeta, dzimbiri limadya mapiko a pampu ya madzi mpaka kutsala ndodo yokha. Rediyeta ikadontha, atsibweni ankamata sopo kunja, ndipo kamodzi ndinawaona akuswera dzira mkati. Kudontha kunasiyadi. Timapaipi tina tinatsekekanso limodzi.

Zinthu zinasintha mofulumira pambuyo pake. Stagecoach ya ku Scotland inagula UTM mu 1989, inachoka mu 1997, ndipo Shire Bus Lines yomwe inalowa m'malo inatha mu 2007. Msewu unadzaza ndi ma minibasi, kenako magalimoto ogwiritsidwapo ntchito a ku Japan odzera ku Dar es Salaam ndi ku Durban, ma Sienta, ndi njinga zamoto za kabaza. Pikapu yakale inakankhidwira kumisewu ya fumbi, kumasiku a msika ndi kumaliro. Ndipo apa pali chinthu choseketsa. Inu amene mumakwera magalimoto atsopanowa mumaona kamuvi kataima pakati n'kumati iyi ndiye galimoto yabwino. Zoona zake n'zakuti m'magalimoto ambiri amakono sensa imauza kompyuta, kompyuta n'kusankha zoti ikuuzeni. Kutentha kukhoza kusuntha ndi madigiri angapo ndithu kamuvi osagwedezeka, chifukwa opanga anaona kuti kamuvi koyendayenda kamadetsa nkhawa ogula. Ena anachotseratu geji n'kusiya timagetsi tiwiri, kabuluu ndi kofiira. Kamuvi ka pikapu yakale kalibe ulemu wotero. Kamanena zonse zomwe kamva, zoona ndi mphekesera zomwe. Luso ndi kusiyanitsa.

Luso limeneli ine ndinaliona mu 2011, chaka cha mizere ya mafuta, ndili Fomu 3. Dizilo ankapezeka movutikira, wa m'zigubu, ndipo atsibweni anayamba kudandaula kuti pikapu ikumwa ngati ili pa ukwati. Sabata yomweyo mnzawo wina wa matola anapha injini. Iye anati kamuvi kanakwera, kenako kanatsika kokha mpaka pansi, iye n'kumati zatheka, mpaka injini inagwira ali pakati pa chitunda. Atsibweni atamva zimenezo sanagone. M'mawa mwake anandituma kuti ndikwere, tinapita kwa madala ena omwe anaphunzira ntchito m'galaja ya pa esiteti ya tiyi ali anyamata, ndipo tsopano ankakonzera magalimoto kuseri kwa nyumba yawo.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti madalawo sanagwire sipanala. Anakhala pa tayala lakutha n'kuyamba mafunso ngati a kuchipatala.

"Achimwene, kamuvi kanuko kamalumpha kapena kamayenda?"

Atsibweni anati zonse ziwiri.

"Ayi, tisiyanitse. Injini iyi ndi chitsulo cholemera kuposa inu ndi mwanayu kuphatikiza. Chitsulo chotere sichingatenthe n'kuzizira m'kuphethira kwa diso. Kamuvi kakalumpha msangamsanga, bodza limenelo, ndi magetsi. Kakayenda pang'onopang'ono, mverani, ndi madzi."

Anandiuza kuti ndilize injini, ndiyatse magetsi akutsogolo, ndiyang'ane kamuvi. Kanadumpha m'mwamba pang'ono. Nditazimitsa, kanabwerera. Madala anaseka, anagwada, n'kutulutsa dzanja lili lobiriwira: waya wa ethi wochoka pa injini kupita ku bodi unali utadyeka, kutsala tingwe tochepa. Magetsi a nyali posowa njira yabwino yobwerera ankasokoneza uthenga wa sensa. Tchopa wa usiku uja anathera pomwepo, ndi sandipepa ndi waya wochotsa pa lole yakufa.

"Nanga mukaima pamsika injini ikulira, kamakwera?"

Atsibweni anati ayi, pamsika kamakhala bwino.

"Ndiye fani yanu ilibe mlandu. Kakanakhala kokwera mukaima n'kutsika mukathamanga, tikanayang'ana fani, kapena lamba wake, kapena chikombole chozungulira fanicho chomwe anyamata amakonda kutaya. Kanu kamakwera pa chitunda muli ndi katundu, eti? Ameneyo ndi rediyeta, kapena pampu, kapena chivindikiro."

Anatiyendetsa mpaka injini itatentha, anaizimitsa, n'kuyamba kupapasa rediyeta ndi chikhato, pamwamba, pakati, m'mbali. M'mbali munali motentha, pakati panali pofunda chabe. Anandigwiritsa inenso. Timapaipi tapakati tinali titatsekeka, madzi sankadutsamo. Sindinanene za dzira, koma atsibweni anandiyang'ana ndi diso lija loti ukayankhula uyenda wapansi. Chivindikiro nacho labala wake anali atauma ngati chikopa cha ng'oma.

Tinadikira kuti injini izizire, mpaka tinadya mbatata. Kenako anachita chomwe atsibweni ankachiopa. Anatsegula chivindikiro, anadzaza madzi mpaka pakhosi, analiza injini, tonse atatu n'kuweramira pakamwa pa rediyeta. Anati tikaona timathovu tikutuluka mosalekeza, ndiye kuti mpweya wa mu injini ukulowa m'madzi, gasiketi ya hedi yapsa kapena hedi yang'aluka. Zizindikiro zina ndi paipi yam'mwamba kuuma gwa injini itangolira kumene, utsi woyera wosatha, ndi oilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Hedi chaka chimenecho inali ndalama yoti fizi yanga ya chaka chonse ilowemo n'kuperewera, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti pakati pa hedi ndi sukulu, chiyambe ndi chiti. Panatuluka thovu limodzi, lachiwiri, kenako zii. Tinayang'ana mphindi zingapo. Madzi anangonjenjemera basi.

"Uwu unali mpweya wotsalira. Hedi ili moyo."

Atsibweni anakhala pansi pa dothi pomwepo, buluku loyera.

Ndipamene madala anafotokoza za mnzawo uja. Sensa imayeza chomwe yamizidwamo. Madzi akachepa, kapena mpweya ukatsekeredwa mkati, sensa imakhala nthawi ina m'madzi, nthawi ina mu nthunzi, ndipo kamuvi kamakwera n'kugwa, kukwera n'kugwa. Madzi akatheratu, sensa imatsala pouma, ndipo kamuvi kakhoza kutsika ngati zonse zili bwino pomwe injini ikupsa. Thermostat yomata nayo imachita zofanana pang'ono: kamuvi kamakwera kwambiri, kenako chitseko chikatseguka mwadzidzidzi kamagwa. Anati kamuvi kakakwera kenako n'kutsika kokha popanda mtsetse, imani, zimitsani, dikirani, muone madzi.

"Nanga kugwa pa mtsetse?" anafunsa atsibweni.

Madala anamasula mabauti awiri pomwe paipi imalowera mu injini. Mkati munali mbee, mopanda kanthu.

"Anachotsa ndani?"

"Ndinagula ili choncho, bambo. Paja amati kuno n'kotentha."

"Ndinazulapo zambiri ine, ndi manja omwewa," anatero madalawo. "Nthawi ya nkhondo. Ndinkaziponya m'chitini, kuti zinthu zikadzakhala bwino tidzabwezeretse. Chitinicho chinadzaza."

Rediyeta inapita ku Limbe kukatsegulidwa ndi kutokosoledwa. Chivindikiro chinapezeka. Thermostat ndiye inavuta, ku Limbe kunalibe ya injini yathu, mpaka msuweni wathu wa ku Joni anaipatsira munthu wa pabasi itakulungidwa m'sokosi. Inatenga masabata asanu. Itafika, madala anakana kuimanga asanaiyese. Anaimangirira ku waya n'kuimiza m'poto wa mayi anga pa mbaula, ife titazungulira ngati tikudikira nsima. Madzi asanawire, kachitseko kanayamba kuyasamula pang'onopang'ono. Anaitulutsa, inazizira, inatseka. Mayi anakalipa kuti potoyo tigule wina.

Loweruka lotsatira tinapakira chinanazi mbandakucha. Tisanafike pa Luchenza kamuvi kanali katakwera mpaka pang'ono pansi pa theka, n'kuima. Tinakwera chitunda cha ku Thyolo, kali pomwepo. Pa Bvumbwe, pomwepo. Pobwerera madzulo, tikutsika m'minda ya tiyi magetsi ali oyaka, kali pomwepo. Atsibweni anakhala chete ulendo wonse. Tikuyandikira pa Chonde anawerama, anagogoda galasi la dashibodi ndi chala kawiri, n'kutembenukira kwa ine.

"Mphwanga, tayang'ana bwino. Kameneka sikanafe?"